Ndalama za Maiko Akunja ndi Thumba la Feteleza

Kawirikawiri, nyengo ya dzinja ikayandikira, anthu a m'midzi amamva pa wailesi kuti m'dziko muno ndalama zakunja zachepa. Pasanapite masiku ambiri mtengo wa feteleza ukwera, magalimoto ayamba kugona pa mizere yodikira petulo, ndipo mwini golosale anena kuti sopo ndi mafuta ophikira wazipikula modula. Tsono ambiri afunsa kuti, "Kodi ndalama za eni ake zitikhudza bwanji ife, popeza kuchigayo, kumsika ndi kuchipatala tilipira ndi Kwacha?" Funso limeneli ndi labwino ndithu, ndipo liyenera kuyankhidwa bwino, pakuti munthu wosadziwa yankho lake ndiye amene apusitsidwa msanga ndi anthu a katangale.

Dziko lililonse ndi ndalama yake

Kale makolo sankadziwa vuto lotere. Munthu wa kunyanja ankasenza nsomba zouma kupita nazo kumtunda nakasinthana ndi chimanga kapena mawere. Wosula makasu ankalandira mbuzi. Amalonda ochokera kugombe la nyanja ya mchere ankabwera ndi nsalu ndi mikanda, natenga minyanga ya njovu. Pa malonda otere malire a dziko sankavuta, chifukwa khasu ndi khasu kulikonse, ndipo mbuzi ya ku Dedza ikadutsa kupita ku Angonia ikhalabe mbuzi.

Ndalama ya pepala ndi yosiyana. Pepala la K5,000 palokha silidyedwa, silivalidwa, silingalime munda. Mphamvu yake ichokera ku lamulo la dziko ndiponso ku chikhulupiriro cha anthu chakuti mawa wina adzalilandiranso. Koma lamulo limenelo lithera pa malire. Mwini fakitale wa ku Durban kapena ku Mumbai sangalipire antchito ake ndi Kwacha, sangapereke nayo msonkho kwa boma la kwawo, ndiponso mkazi wake sangagule nayo ndiwo pa msika wa kwawoko. Chifukwa chake iye pogulitsa katundu wake afuna ndalama imene ili ndi ntchito kwa iye. South Africa ali ndi randi, Mozambique ali ndi metical, Tanzania ali ndi sheleni yake, Britain ali ndi paundi, ndipo maiko ambiri a ku Ulaya agwiritsa ntchito ndalama imodzi yotchedwa euro. A ku Zambia nawo ndalama yawo aitcha Kwacha kuyambira chaka cha 1968, koma kufanana kwa dzina sikufanana kwa mphamvu. Munthu wa ku Mchinji amene anapitako ku msika wa ku Chipata adziwa kuti Kwacha imodzi ya uko siisinthidwa ndi Kwacha imodzi ya kuno.

Ndalama zonsezi zikakhala m'dziko muno ndizo zitchedwa ndalama zakunja, ndipo anthu a m'tauni azitcha forex. Kusintha ndalama ndiko kugula ndalama ya dziko lina polipira ndi ndalama ya kwanu, monga momwe munthu agulira mchere kapena nsalu. Ndalama nayo ili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ukwera ndi kutsika.

Akuluakulu akumbukira nthawi ya mapaundi, masheleni ndi makobiri, pamene makobiri 12 ankapanga sheleni imodzi ndipo masheleni 20 ankapanga paundi. Masiku amenewo paundi ya kuno inali yomangirira ku paundi ya ku Britain, imodzi kwa imodzi, kotero kuti wamalonda wa ku Limbe poitanitsa njinga ku Birmingham sankavutika ndi kuwerengera. Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964 linakhala ndi paundi yakeyake, ndipo banki yaikulu ya dziko, Reserve Bank of Malawi, inayamba ntchito m'chaka cha 1965. Kwacha ndi tambala zinabwera m'chaka cha 1971, pamene paundi imodzi inasinthidwa ndi K2. Pa nthawiyo paundi inali kulingana ndi madola 2.40 a ku America, ndiye kuti Kwacha imodzi inkagula dola imodzi ndi kutsalako. Anyamata a lero akamva zimenezi ayesa nthano.

Chifukwa ninji dola?

Wina angafunse kuti, nanga popeza mafuta a galimoto ambiri achokera ku maiko a Aluya, ndipo mankhwala ambiri a m'zipatala achokera ku India, chifukwa ninji pa wailesi angotchula dola ya ku America? Yankho lake ndi lakuti amalonda a maiko awiri osiyana afuna ndalama imene onse awiri aikhulupirira, ndipo imene angathe kukagulira nayo katundu kwina kulikonse. M'chaka cha 1944, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe, nthumwi za maiko 44 zinasonkhana ku Bretton Woods m'dziko la America kukapangana za kayendedwe ka ndalama pakati pa maiko. Anagwirizana kuti ndalama za maiko ena ziziyesedwa ndi dola, ndipo dolayo iziyesedwa ndi golide, madola 35 pa aunsi imodzi. Pa msonkhano womwewo panabadwa mabungwe a IMF ndi World Bank, ndipo dziko la Malawi linalowa m'bungwe la IMF m'chaka cha 1965. America analeka kusintha madola ndi golide m'chaka cha 1971, koma chizolowezi chinali chitazika kale mizu. Kufikira lero mafuta, feteleza, tirigu ndi fodya zitchulidwa mtengo wake m'madola pa misika ikuluikulu ya dziko lapansi.

Momwe malipiro ayendera

Anthu ena aganiza kuti wamalonda akafuna kugula katundu kunja, alonga makwacha m'matumba nawakweza pa ndege. Sizitero ayi. Poyerekeza, kampani ya ku Blantyre ifuna kuitanitsa feteleza. Wogulitsa wa kunjayo aitumizira chikalata chosonyeza kuchuluka kwa feteleza ndi mtengo wake m'madola. Kampaniyo itenga chikalatacho kupita nacho ku banki yake, nipereka makwacha olingana ndi madolawo monga mwa mtengo wa tsikulo. Makwachawo satuluka m'dziko muno konse. Banki ya kuno ili ndi buku lake la madola ku banki ina ya ku New York kapena ku London, ndipo ingotumiza mawu kuti achotse madola akuti m'bukumo napereke kwa wogulitsa uja. Pamene katundu ali wambiri ndipo ogulitsanawo sadziwana, banki ilemba kalata ya lonjezo, yonena kuti idzalipira ikadzaona mapepala otsimikiza kuti katundu wakwezedwadi m'sitima. Motero wogulitsa saopa kutumiza, ndipo wogula saopa kulipira chinthu chimene sanachione.

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Banki ingathe kulipira pokhapokha ngati m'buku lake lija muli madola. Kampani ingakhale ndi makwacha odzaza nyumba, koma ngati banki ilibe madola oigulitsa, kampaniyo ingolembedwa pa mndandanda wa odikira, feteleza nakhalabe pa doko la eni ake. Ndipo madola ofunikawo sali a mtengo wa feteleza wokha. Malawi alibe doko, motero katundu wake adzera ku Beira ndi ku Nacala m'dziko la Mozambique, ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania, kapena ku Durban. Eni sitima ya pamadzi, eni doko, ndi eni magalimoto a kunja amene anyamula katunduyo, onsewo alipidwa ndi ndalama zakunja. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu ankazungulira ulendo wautali wa ku Durban, ndipo dziko linataya ndalama zakunja zambiri pa mtengatenga wokha.

Kumene madola achokera

Boma la Malawi silingasindikize madola. Angatero ndi a ku America okha. Ngakhale mapepala a Kwacha amene asindikizidwa kunja kwa dziko lino, ndipo osindikizawo alipidwa ndi ndalama zakunja. Njira yaikulu yopezera madola ndi imodzi: kugulitsa kwa anthu a kunja chinthu chimene iwo achifuna.

Pa zaka zambiri chinthu chimenecho chakhala fodya, amene abweretsa pafupifupi theka la ndalama zonse zimene dziko lino lipeza pa malonda a kunja, ndipo zaka zina kupitirira theka. Mlimi aliyense amene anapitako ku okushoni ku Limbe, ku Kanengo, ku Chinkhoma kapena ku Mzuzu adziwa kuti pa tikiti ya belo mtengo ulembedwa m'madola ndi masenti pa kilogalamu. Ogulawo abweretsa madola kuchokera kunja, madolawo alowa m'mabanki, ndipo mlimi akapita kukatapa alandira makwacha. Madola amene iye wawasiya ku banki ndi omwewo amene mawa adzagulitsidwa kwa woitanitsa dizilo, kwa woitanitsa mankhwala a malungo, ndi kwa woitanitsa feteleza amene mlimiyo adzamfuna mvula ikagwa. Mlimi wa ku Dowa kapena ku Rumphi amene sanaikhudzepo dola ndi dzanja lake ndiye mwini weniweni wa madola ambiri a m'dziko muno, ngakhale kuti ndi ochepa amene amamuuza zimenezi.

Pambuyo pa fodya pabwera tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, nandolo, soya, mtedza, makademiya, khofi ndi thonje. Alendo odzaona nyanja ndi nyama za m'nkhalango nawo asiya ndalama zawo. Palinso ndalama zimene atumiza abale okhala ku South Africa, ku Britain ndi kwina. Imeneyi si njira yachilendo ayi. M'masiku a Wenela, gawo la malipiro a anthu a ku migodi ya ku Johannesburg linkasungidwa kuti adzalandirire kuno kumudzi, ndipo dziko linkapeza ndalama zakunja zochuluka pa njira imeneyo, kufikira Boma linaimitsa ulendowo m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70.

Koma zonsezi pamodzi sizikwana. M'chaka cha 2023 dziko lino linagulitsa kunja katundu wa madola pafupifupi 1 biliyoni, pamene linagula kunja katundu wa madola pafupifupi 3 biliyoni. Banja limene likolola matumba 10 koma lidya matumba 30 liyenera kupempha kapena kukongola. Dziko nalo litero: mpata wotsalawo utsekedwa ndi chithandizo cha maiko ena ndi ngongole. Chithandizo chili m'manja mwa eni ake, angachipereke kapena kuchiimitsa. Ngongole nayo ibwezedwa m'madola, pamodzi ndi chiwongoladzanja chake, kotero kuti ngongole ya chaka chino idya madola a fodya wa zaka zakutsogolo.

Kudalira wogula mmodzi nako kuli ndi ngozi yake. Alimi a nandolo a m'maboma a kummwera akumbukira chaka cha 2017, pamene boma la India, kumene kupita nandolo wambiri wa kuno, linaika malire pa nandolo wolowa m'dziko lawo chifukwa alimi a kwawo anakolola wochuluka. Mtengo wa nandolo m'midzi unagwa kwambiri, ndipo ena anangomsiya m'munda. Chimene chinatayika pamenepo si makwacha a mlimi okha, komanso madola amene dziko linali kuyembekezera.

Nkhokwe ya dziko

Reserve Bank isunga gawo la ndalama zakunja monga nkhokwe ya dziko lonse, ndipo nkhokwe imeneyi iyesedwa m'miyezi, monga momwe mayi ayesera chimanga chake. Funso likhala lakuti, ngati lero madola ataleka kulowa, otsalawo angagule katundu wa kunja wa miyezi ingati? Akatswiri a za chuma agwirizana kuti dziko liyenera kusunga osachepera a miyezi itatu. M'zaka za 2022 ndi 2023 nkhokwe ya Malawi inatsika kwambiri pansi pa muyeso umenewo.

Chodabwitsa ndi chakuti nkhokwe ya madola ili ndi nyengo zofanana ndi nkhokwe ya kumudzi. Msika wa fodya utsegulidwa cha mu April nutha cha mu August kapena September, ndipo m'miyezi imeneyo madola alowa ambiri. Msika ukatsekedwa madola achepa, komatu ndiyo nthawi imene dziko liyenera kulipira feteleza ndi mbewu za dzinja. Pofika January ndi February, pamene m'midzi ambiri ali kupala pansi pa nkhokwe, mabanki nawo akhala ali kupala pansi. Ichi ndicho chifukwa chake mawu aja akuti ndalama zakunja zachepa amveka kwambiri mvula ikayandikira.

Kugwa kwa Kwacha

Pa msika, tomato akachepa koma omfuna nkukhala ambiri, mtengo wake ukwera. Dola nayo itero. Ofuna madola akachuluka kuposa ogulitsa, dola ifuna makwacha ambiri kuposa kale, ndipo ndiko kumene anthu akutcha kugwa kwa Kwacha. Pali njira ziwiri zoyendetsera mtengowu. Banki yaikulu ingathe kuukhomera pamalo amodzi, kapena ingathe kuusiya kuti uziyenda wokha monga mwa ogula ndi ogulitsa. Dziko lino layesa zonse ziwiri. Kufikira chaka cha 1994 mtengo unkakhomedwa ndi Boma, ndipo m'mwezi wa February chaka chimenecho Kwacha inamasulidwa. Kuchokera pamenepo pakhala nyengo zoumasula ndi nyengo zougwira.

Kugwira mtengo kutheka pokhapokha banki yaikulu ili ndi madola okwanira kugulitsa kwa aliyense wowafuna pa mtengo umenewo. Ikawasowa, mtengo ungokhala pa pepala koma madolawo osaoneka. Zinatero m'chaka cha 2011, pamene fodya sanayende bwino pa msika ndipo maiko ena anaimitsa chithandizo chawo. Magalimoto ankakhala masiku pa mizere ya mafuta, ndipo zigayo zambiri za dizilo zinaima. M'mwezi wa May 2012 Reserve Bank inasintha mtengo wa dola kuchoka pa K168 kufika pa K250. M'mwezi wa May 2022 mphamvu ya Kwacha inachepetsedwanso ndi magawo 25 pa 100, ndipo m'mwezi wa November 2023 dola inakwera ndi magawo 44 pa 100, kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700.

Tanthauzo la zimenezi lioneka bwino pa thumba limodzi la feteleza. Poyerekeza chabe, thumbalo ligulidwa kunja ndi madola 30. Dola ikakhala pa K1,180, woitanitsa apereka ku banki K35,400. Dola ikafika pa K1,700, thumba lomwelo, la pa fakitale yomweyo, pa mtengo womwewo wa madola 30, lifuna K51,000. Wa kunjayo sanakweze kanthu, ndipo sanalandire ngakhale senti imodzi yoonjezera. Pamwamba pa izo pabwera mtengo wa dizilo wa galimoto yofikitsa thumbalo ku Ntchisi kapena ku Chitipa, amenenso wakwera pa chifukwa chomwecho. Ndipo ikakhala kuti mtengo wa m'madola nawo wakwera, monga zinachitikira m'chaka cha 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka, mlimi amenyedwa mbali ziwiri.

Nanga Boma lilolera bwanji chinthu chopweteka chotere? Ochirikiza kuchepetsa mphamvu ya Kwacha anena kuti kuthandiza wogulitsa kunja. Mlimi amene wagulitsa fodya makilogalamu 1,000 pa madola 2 kilogalamu imodzi ali ndi madola 2,000. Pa mtengo wakale akanalandira K2,360,000, koma pa mtengo watsopano alandira K3,400,000. Ati zikatero anthu alimbikira kulima mbewu zogulitsa kunja, achepetsa kugula katundu wa kunja popeza wadula, ndipo madola amene anali kubisala abwerera ku mabanki.

Mawu amenewa ali ndi choona, koma sanena zonse. Choyamba, walira mvula walira matope: mlimi wa fodya uja nayenso agula feteleza, mankhwala, mapepala a nazale ndi ziguduli, zonse zochokera kunja, kotero kuti gawo lalikulu la phindu lija lituluka pa khomo lomwe linalowera. Chachiwiri ndi nthawi yake. Kusintha kwa November 2023 kunabwera msika wa fodya utatsekedwa kale. Mlimi anali atalandira makwacha ake pa mtengo wakale, koma zipangizo za dzinja anakagula pa mtengo watsopano. Ndipo mlimi wa chimanga, mphunzitsi, mlonda, ndi mayi wogulitsa zitumbuwa, amene alandira makwacha okhaokha, iwo sapezapo kanthu koma kudula kwa zinthu basi. Dziko limene ligulitsa kunja mbewu zochepa zomwezomwezo, ndipo silingaleke kugula mafuta ndi mankhwala ngakhale zidule bwanji, silichira msanga ndi mankhwala amenewa. Ndicho chifukwa chake Kwacha yagwetsedwa kangapo koma kusowa kwa madola kwabwereranso.

Ena ati bwanji Boma osangosindikiza makwacha ambiri kuti aliyense akwanitse kugula? Makwacha akachuluka madola sachuluka nawo. Pangokhala makwacha ambiri othamangira madola ochepa omwe aja, ndipo dola ikwera koposa. Achewa okhala ku Zimbabwe anaona ndi maso awo m'chaka cha 2008, pamene mitengo ya zinthu inkasintha tsiku lisanathe. Kumayambiriro kwa chaka cha 2009 dzikolo linatulutsa pepala limodzi lolembedwa madola 100 thiriliyoni a ku Zimbabwe, ndipo m'chaka chomwecho linasiya ndalama yakeyo niliyamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America ndi randi.

Msika wa mseri

Pamene madola asowa ku banki, pabuka anthu oima m'makona a misewu ya m'tauni ndi pa zipata za malire monga Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe, amene agula ndi kugulitsa ndalama pa mtengo wawowawo. M'chaka cha 2025 mtengo wa dola pa msika wa mseri umenewu unaposa kawiri mtengo wa ku banki. Malonda amenewa ndi oletsedwa ndi lamulo. Ololedwa kusintha ndalama ndi mabanki ndi maofesi osinthira ndalama amene ali ndi chiphaso cha Reserve Bank, ndipo wopezeka ali kusintha pa msewu angathe kulandidwa ndalamazo ndi kuimbidwa mlandu. Pamenepo palinso ngozi ya madola achinyengo, pakuti munthu amene sanazolowere kugwira dola sangasiyanitse yeniyeni ndi yonamizira, ndipo akapusitsidwa alibe kokadandaula.

Kunena zoona, si onse opita kumeneko amene ali akuba. Mayi amene afuna kukapikula nsalu ku Dar es Salaam, kapena bambo amene mwana wake ali kudwala ku chipatala cha kunja, akadikira ku banki masabata osathandizidwa, atsirizira kupita komweko. Malinga ngati mitengo iwiriyi italikirana, mtsinje wa madola upatukira kumene alipira zambiri, ndipo kugwira anthu a m'misewu kokha sikungaubweze. Komabe kuipa kwake kufika mpaka kumudzi. Wamalonda amene wagula madola pa mtengo wa mseri aika mtengo womwewo pa katundu wake, kotero kuti wogula malata kapena matayala a njinga ku golosale ya kumudzi alipira mtengo wa mseri ngakhale sanafikeko ku tauni.

Palinso katangale wina wobisika koposa. Anthu ena ayenda m'midzi ndi sikelo, nagula soya, mtedza kapena nandolo pa mtengo wokwera kuposa ogula ena onse, ndipo mlimi akondwa. Cholinga chawo si mbewuyo ayi, koma madola. Atulutsa mbewuyo m'dziko, nthawi zina usiku podzera m'njira za kutchire, naigulitsa kunja, koma madolawo osawabweretsa ku banki. Awasunga komweko kapena awagulitsa pa msika wa mseri. Lamulo likuti ndalama za katundu wogulitsidwa kunja zibwere m'dziko kudzera ku banki. Mbewu ikatuluka koma madola osalowa, dziko lataya pawiri, ndipo m'dzinja lotsatira feteleza asowa m'mudzi womwe uja umene unagulitsa mbewuyo. Mafumu a m'malire aziona zimenezi kuposa wina aliyense.

Gawo la mlimi

Mtengo wa dola sukhazikitsidwa pa bwalo la mfumu, koma madola ochuluka kapena ochepa ayambira m'munda ndi m'chigafa. Wogula wa kunja ali ndi kwina kogula. Belo la fodya likapezeka ndi zingwe za pulasitiki, nthenga kapena masamba osakaniza magiredi, libwezedwa kapena ligulidwa pa mtengo wotsika, ndipo senti iliyonse yotsika pa kilogalamu ndi madola amene dziko silinalandire. Mtedza wa Chalimbana unali wotchuka pa misika ya ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970, koma lero maiko amenewo ayesa mtedza uliwonse ndi makina kufuna poizoni wochokera ku chuku, ndipo akampeza akana katundu yense. Chuku chimenechi chibwera mtedza ukasungidwa usanaume bwino, makamaka pamene anthu authira madzi kuti usavute kusenda kapena kuti ulemere pa sikelo. Wochita zimenezi apeza matambala lero, koma atsekera anzake onse msika wa madola.

Ku mbali ina, dola imene sinatuluke ilingana ndi dola imene yalowa. Dziko lino liitanitsa mafuta ophikira ndi tirigu wa buledi ndi ndalama zakunja, pamene mpendadzuwa ndi soya zimera bwino m'maboma ambiri. Mlimi amene aphatikiza manyowa ndi feteleza, nasinthanitsa chimanga ndi mbewu za m'gulu la nyemba m'munda mwake, afuna matumba ochepa a feteleza wa kunja, ndipo dola ikakwera sapwetekedwa mofanana ndi mnzake. Alangizi a zaulimi a m'dera lililonse ali ndi malangizo a kapangidwe ka manyowa.

Munthu amene ali ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku London, nalandira ndalama kudzera ku banki kapena pa lamya ya m'manja, ayenera kudziwa kuti pa bolodi ya ku banki palembedwa mitengo iwiri pa ndalama iliyonse. Wotsikawo ndi umene banki igulira ndalama yakunja kwa munthu, ndipo wokwerawo ndi umene igulitsira. Kusiyana kwa mitengo iwiriyo ndilo phindu la banki. Wolandira ndalama awerengere ndi mtengo wotsikawo, afunse ngati pali ndalama ina yodulidwa chifukwa cha kutumiza, ndipo atenge lisiti. Wofuna kugula ndalama zakunja chifukwa cha ulendo anyamule pasipoti ndi mapepala osonyeza ulendowo, ndipo asunge lisiti lake kufikira atadutsa pa chipata, pakuti a kasitomu ndi apolisi a pa malire angathe kumfunsa kumene anazitenga.